Nyumba Zofatsa za ku Cornwall

Ku Cornwall, kumalekezero a England, kuli magombe okongola ndi malipiro ochepa. Nyumba zokha ndizo zimachita ngati zimalandirira ku London. Ife osaphunzira zachuma timati nyumba imadula chifukwa ofuna kugonamo achuluka. Kumeneko yodula kwambiri ndi imene simugona munthu.

Kafikeni ku St Ives mu Januwale. Makatani otseka, magetsi ozima, ndipo pambali pa chitseko pali kabokosi ka manambala kosungira kiyi, kudikira mlendo wa Airbnb. Eni ake ali kutali. Amalikonda dera limeneli kwambiri moti safuna kulitopetsa.

Mu 2016 anthu a m'tauniyi anavota kuti nyumba zomangidwa kumene zizikhala za anthu okhalamo chaka chonse. Ogula sanakwiye, ndi anthu aulemu. Zilipo nyumba zakale za asodzi zomwe lamulolo silinazikhudze. Ndiye kuyambira Epulo 2025 khonsolo ya Cornwall yayamba kulipiritsa msonkho wowirikiza kawiri pa nyumba yachiwiri. Nkhanza zake! Nyumba yosasokosa, yosadwala, yopanda mwana wodzaza m'kalasi, yalakwanji?

Mtsikana woyala mabedi m'nyumbazi amabwera pa basi kuchokera ku Camborne, koma asadandaule: nyanja amaiona bwinobwino pa zenera limene akupukuta.

Nkhaniyi yatikhudza tonse, ndipo tikaikambirana mozama mu Ogasiti, bola tipeze chipinda choyang'ana kunyanja.