Kwa Alamu Anga, Kochi wa Kunyanja

Alamu,

 

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva, ngakhale theka lake inali mphepo ya mwera ndi kulira kwa mbuzi. Ndiye mwati anyamata akusankhani kukhala kochi? Mwakula, alamu. Ine ndimadziwa kuti mpira mudausiya chaka chomwe mimba idayamba kufika pampira mwendo usanafike. Koma chandiimitsa mutu ndi choti mukufuna timu izisewera ngati Mamelodi Sundowns, ati chifukwa mwakhala mukuwaonera mu vidiyo sho pa Boma. Khalani pansi ndikuuzeni, ine amene ndawaona ndi maso anga ku Loftus.

Mpira wawo kuno ku Joni amautcha shoeshine and piano, dzina lomwe lidatchuka nthawi ya kochi Screamer Tshabalala m'zaka za m'ma 1980. Umayambira kwa goloboyi, Ronwen Williams. Iye saumenya kutali ayi, amapatsira wotchinga kumbuyo ali pafupi, uyo apatsira mnzake, mnzakeyo aubweza, mpaka a timu inayo malilime atuluke. Koma kapinga wake ndi wometa, ndipo amamuthirira mpira usanayambe. Bwalo lanu lija ndikulidziwa. Kumtunda kuli chitsa cha mango, kumunsi mchenga wofika mu akakolo. Goloboyi wanu akapatsira wotchinga kumbuyo, mpira ukaima pakati pawo, onse awiri n'kumauyang'ana, wobwera kudzautola ndi wa timu inayo.

Ndipo bwalo ndi nkhani yaing'ono. Inu ndinu munthu wa kunyanja, mukudziwa kuti chilimira chikhale chatsopano, injini yabwino, alovi amphamvu, koma siginala akakhala wosadziwa kukoka usipa ndi nyali zake, m'mawa mubwerako ndi ngongole ya mafuta basi. Siginala wa Sundowns kwa zaka zambiri wakhala Themba Zwane, amene kuno amati Mshishi. Munthuyu adabadwa mu 1989, liwiro alibe kwenikweni. Amangoima pampata pomwe wotchinga kumbuyo akuti ndi wa osewera pakati, osewera pakati akuti ndi wa wotchinga kumbuyo. Akaulandira, mwendo umodzi, watembenuka, pasi yapita kale. Hugo Broos atangobwera kudzaphunzitsa Bafana adamusiya kaye, ati wakula. Kenako adamuitana, ndipo ku Ivory Coast mu 2024 Bafana adamaliza pa nambala 3. Tsono ndifunse: Zwane wanu ndani?

Sikuti kwathu sitibereka anthu otere. Madala akuno ukangonena kuti ndine wa ku Malawi amakufunsa za Ernest Mtawali, amene adawazunguza mitu ku Bloemfontein Celtic mpaka kukafika ku France. Joseph Kamwendo adasankhidwa katswiri wa chaka ku Zimbabwe mu 2005 ali ku CAPS United, asanabwere ku Orlando Pirates. Awa ndi anthu ofuna mpira kuphazi, anzawo awiri pafupi, ndi kamphindi kodzutsa mutu. Ndiye taganizani Kamwendo mu Flames ya Mario Marinica, wa ku Romania uja, amene ankalalikira mpira wothamanga ndi wothamangitsitsa. Bwenzi akutuluka m'bwalo jezi ili youma, khosi lokha likupweteka chifukwa choyang'ana mpira ukudutsa m'mwamba.

Koma mpira womwewo udamukwana Gabadinho Mhango. Mu ligi ya 2019/20 adamwetsa zigoli 16 ku Pirates, kulingana ndi Peter Shalulile. Shalulile adapita ku Sundowns kukadya zophikaphika, mapasi akumupeza pakhomo. Gaba, makochi atasintha, adayamba kutenthetsa benchi, ife m'mataxi akutiseka. Munthu yemweyo ali mu Flames ku Cameroon adachinya zitatu, ndipo cha pa 25 Januwale 2022 mukuchikumbukira: adaona goloboyi wa Morocco wasendera kutsogolo, n'kuumenya ali kutali, pafupi ndi pakati pa bwalo. Tidagonja 2-1, inde, koma m'shebini momwe ndinkaonera mudali a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique, onse usiku umenewo adasanduka Amalawi. Gaba safuna mapasi khumi. Mponyereni mpira pamalo pomwe angathamange, mumusiye akwiye yekha.

Nkhani yomweyi ndidaipezanso komwe sindinkayembekeza. Mwana wa bwana wanga amaonera mpira wa ku America, uja amavala zipewa zolimba n'kumagundana mitu. Poyamba ndinkayesa ndi rugby ya anthu amantha. Kumeneko chilichonse chimadutsa m'manja mwa munthu mmodzi, quarterback, ndipo kochi amamulankhula pa wayilesi yomwe ili m'chipewa momwemo. Izi inu mukadazikonda, mawu anu sakadamasasa Lamlungu lililonse. Tom Brady sankathamanga, ankangoima kumbuyo kwa zimphona zake n'kuponya msanga, ndipo adatenga Super Bowl kasanu ndi kawiri. Lamar Jackson ndi mphenzi. A Baltimore Ravens sadamukakamize kuima ngati Brady, adasintha kasewero konse kuti azithamanga nawo mpira, ndipo mu 2019 adakhala katswiri wa ligi yonse. Anthu a ndalama zawo adasoka malaya poyeza mwini wake. Inu mukufuna kuyambira pa TV.

Nambala 10 wanu ndi mwana wa amalume uja, si choncho? Mnyamatayu amachezera panyanja usiku wonse, m'mawa agulitse, masana aphe tulo pang'ono, ndiye 3 koloko afike pabwalo maso ali psuu, m'mimba muli kondowole. Mukamuuza kuti azibwerera kudzatenga mpira kwa goloboyi, adzabwereradi, koma adzakhala komweko. Chomwe ali nacho ndi mwendo wamanzere. Mpira wake umachoka pa chitsa cha mango mpaka kukagwa kuseri kwa otchinga kumbuyo. Ndiye kutsogolo ikani mnyamata wa kabaza uja, amene aliyense womukongoza sadamugwirepo. Anthu awiri amenewa ndiwo kasewero kanu. Ena onse atseke kumbuyo, ndipo asachite manyazi kuuponya m'chinangwa zikavuta.

China, kaputeni wanu akapambana ndalama yoponya ija, asankhe kuyamba molimbana ndi mwera, miyendo ikadali ndi mphamvu. Chigawo chachiwiri mphepo izikukankhirani yokha. Ameneyo ndi wosewera wanu wa nambala 12, safuna jezi, safunanso ya sopo. Ndalama yomwe mumasonkha ya adokotala a usiku aja gulani malalanje.

Mwezi ukatha ndipereka katundu kwa transipota ku Park Station. Muli nsapato za mpira mapeyala awiri, mpira umodzi ndi wezulo. Nsapatozo ndi za anyamata awiri ndatchulawa, musazivale ku ukwati. Bulangete ndi la amayi, osati la benchi. Transipotayo pobwerera mumupatse usipa wouma ndi kaufa ka kondowole, mumange bwino, chifukwa ulendo watha anthu a m'basi adamutukwana kuyambira pa Dedza mpaka pa Beitbridge.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mlamu wanu,
ku Joni