Hutala ya Chikumbu Siyipenga Yokha

Khalani pansi, akatswiri a m'foni inu. Bwalo lakhala, woweruza ndine, ndipo wodandaula ndi Volkswagen Beetle yanga ya 1967, ija agogo anu aakazi amaitcha Chikumbu. Galimoto imeneyi idaona Zomba ikadali likulu, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Iwe woimbidwa mlandu, bambo ako adali asanamere mano.

Udaibwereka Loweruka kuti ukajambulitse anzako ku Emperor's View, pomwe adaima Haile Selassie mu 1965. Chabwino. Potsika kuchokera ku Ku Chawe, ukangokhotetsa chiwongolero, hutala piii! Kuwongola, zii. Kukhotanso, piii! Ana ogulitsa mabulosi kuthamangira kumsewu poganiza kuti bwana akuitana, onyamula nkhuni panjinga kudzipanikiza kuphompho, anyani okha ndiwo adakuyang'ana mwachisoni. Msewu umenewu uli ndi makona angati? Ndiye kuti phiri lonse lidadziwa kuti mdzukulu wa uje akutsika.

Nzeru zako zidakuuza chiyani? Kuzula fyuzi! Kodi udadziwa kuti fyuzi yomweyo ndiyo imayatsa magetsi a mabuleki? Udatsika phiri la Zomba kumbuyo kuli mdima, iwe uli mwee. Safunsa adadya phula. Lero ukuti tipite ku Limbe tikagule hutala yatsopano, ati wakuuza ndi YouTube. Mwana akalira usiku mumakagula wina?

Tchera khutu. Kiyi ikangotembenuzidwa, moto umakhala wafika kale pa hutala. Chimene imadikira ndi njira yobwererera, ija amakaniko amati earth. Batani la pachiwongolero ntchito yake ndi yongogunditsa waya ku chitsulo cha galimoto, basi. Tsono waya uja akakalamba n'kusupuka khungu m'kati mwa mpope wa chiwongolero, amadzikhudzira yekha chitsulo pamene ukukhota. Hutala ilibe mlandu, imangomvera.

Ikadakhala kuti yangoti duu osalira, bwenzi tikuyamba ndi fyuzi, kenako dzimbiri. Chifunga ndi mvula ya kuno sizichitira chisoni chitsulo. Bwenzi tikusuzumiranso pansi, pomwe ndodo ya chiwongolero imalumikizana ndi bokosi lake. Pamenepo pali labala yozungulira, ndipo moto sudutsa m'labala, n'chifukwa chake pali kawaya kolumpha. Kakaduka, ungamenye batani mpaka chikhatho kutupa. Zoyezera zake ndi kababu kamodzi ndi mawaya awiri. Ine ndimasunga m'chitini cha fodya chimene iwe udafuna kutaya chaka chatha.

Chilango chako nachi. Mawa tambala akangolira, unyamule mpando wakumbuyo, umasule batire. Inde, imakhala kunsi kwa mpando. Dzulo ndidakuona ukuisaka kutsogolo, komwe kuli thanki ya petulo ndi tayala la sipeya, ndidangokhala chete kuti ndisafe n'kuseka. Ulembe chizindikiro ndi choko usanazule chiwongolero, kuopa kudzachibwezera chopendama. Nati ndi tizitsulo tonse uziika m'mbale, osati m'thumba la kabuluku kothina ako. Usolole waya wakale, ulowetse watsopano, upale dzimbiri ndi sandipepa mpaka mkuwa uwale, fyuzi ibwerere pamalo pake.

Foni usiyira agogo ako aakazi. Tikamaliza tikwera limodzi mpaka ku damu la Mulunguzi, ndipo Chikumbu chikangoti pi pakona ine ndisanachikhudze, ubwerera wapansi.