Ukadzakhala Phungu, Amuna Anga

AGOGO: Amuna anga, chiyambire m'mawa ukungotokosa foniyo. Nkhuku zikutha usipa pathandala iwe uli pomwepo!

CHIKONDI: Ndikuwerenga mbiri ya a Henry Chimunthu Banda, agogo. Nanenso ndidzaimira uphungu.

AGOGO: Iwe amene unasanza m'bwato tisanachoke n'padooko pomwe?

CHIKONDI: Kunyumba ya malamulo sapalasa ngalawa. Iwowo anali mphunzitsi, mu 1999 n'kusankhidwa kuimira Nkhotakota North. Kenako unduna wa zamagetsi ndi migodi, kenako wa zamtengatenga.

AGOGO: Ukundiphunzitsa ine? Chala chimene chinaviikidwa mu inki n'changa. Iwe unali kudya dothi.

CHIKONDI: Ndiye mukudziwa kuti kuyambira 2009 mpaka 2014 anali Sipikala. Aphungu 193, akangoti khalani chete, onse zii.

AGOGO: Chodabwitsa n'chiyani? Munthu amene anathana ndi ana a sukulu angalephere akuluakulu okhuta?

CHIKONDI: Inali ntchito yolemetsa. A Bingu atamwalira mu 2012, aphungu ambiri anathamangira kuchipani cha mayi Joyce Banda, madandaulo a Gawo 65 n'kuunjikana patebulo pawo.

AGOGO: Gawo limenelo n'la munda wa yani?

CHIKONDI: La malamulo oyendetsera dziko. Phungu akasiya chipani chake n'kulowa china cham'nyumbamo, ayenera kutaya mpando.

AGOGO: Likanakhudza ife lamulolo, mudzi uno ukanatha. Ine m'sutukesi muli nsalu ya tambala, yachikasu, yachimanga ndi yalalanje.

CHIKONDI: Zonsezo munavotera?

AGOGO: Ndinavala. Kuvota n'kwina.

CHIKONDI: Koma kulimba mtima anali nako. Mu 2013 anapikisana ndi a Peter Mutharika pa utsogoleri wa DPP.

AGOGO: N'kugwa.

CHIKONDI: Inde, koma anayesa.

AGOGO: Chabwino. Tsono iwe ukadzapambana, bokosi la maliro uzidzagula langati pamwezi?

CHIKONDI: Phungu si wogula mabokosi, agogo! Ntchito yake n'kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kufunsa nduna za msewu wathu wa M5.

AGOGO: Ukanene zimenezo pasiwa, uone ngati akupatse mpando. Fizi ya ana, thiransipoti ya odwala, mpira wa anyamata?

CHIKONDI: Zonsezo m'thumba mwanga? Ndiye mukufuna phungu kapena banki?

AGOGO: Tikufuna wathuwathu. Tayamba pompano tikuone: shuga watha, ndipo wa ku Dwangwa pompa wakwera mtengo.

CHIKONDI: Kugula mavoti n'kuphwanya lamulo.

AGOGO: Ndani wanena za voti? Voti yanga ndinalonjeza kale kwina. Iwe gula shuga, ndipo podutsa upirikitse nkhukuzo.