Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Pusi pa Bolodi la Chess

Agogo anga aakazi adatisiya asadaonepo bolodi la chess, koma akadakhala moyo ndikadawapempha kuti azidzaphunzitsa ku kalabu yathu. Phunziro lawo likadakhala lalifupi, lomwe lija ankatipatsa akaona dzanja lili m'mbale ya nyama diso lili m'mbale ya nsomba: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ine ndidagwa Loweruka lina masana, anthu akuona. Wondigwetsa adali kamnyamata ka sitandade 6, kamene kakakhala pampando miyendo yake imangolendewera. Ndidatenga zoyera n'kuyamba monga ndayambira zaka zonsezi: ine e4, iko e5, kavalo wanga pa f3, wake pa c6, bishopu wanga pa c4. Apa kamwanako kadanyamulanso kavalo yemweyo n'kumuika pa d4, poni wa pa e5 n'kutsala wopanda mlonda. Ndidakamvera chisoni. Mumtima ndidati mafoniwa atiwonongera ana. Ndidadya.

Kwini wake adatulukira pa g5. Ndisadayambe kuganiza kuti akufunanji kumeneko, diso lidagwera pa f7. Poni winanso, ndipo kavalo akatera pamenepo aloza kwini ndi ruku nthawi imodzi. Ndidadyanso, n'kutsamira pampando ngati bambo amene wamaliza kulipira fizi ya ana onse. Kwini uja adadya g2, ine n'kusendeza ruku pa f1. Adadya e4 ndi cheki, ine n'kutchinga ndi bishopu pa e2. Kenaka kavalo uja ndinkamulirira adalumphira pa f3.

"Madala, ndi meti," kadatero kamnyamatako mwaulemu, kakuyang'ana pansi.

Mfumu yanga idafera pakati pa anthu ake. Kwini uku, ruku uku, bishopu ndi maponi kutsogolo, onse atayipanikiza ngati okwera minibasi ya madzulo, wopereka mpata palibe. Bishopu sakadatha kudya kavaloyo chifukwa akangosuntha, kwini wa mwanayo awona mfumu. Aliyense adangosuntha ka 7. Tiyi wanga adali asadazizire.

Ndidadzamva pambuyo pake kuti msampha umenewu ndi wakale kuposa agogo anga. Amautcha Blackburne Shilling Gambit, potengera dzina la Joseph Henry Blackburne, katswiri wa ku England wa m'zaka za m'ma 1800, ndipo nthano yake imati unkadyetsa mwini wake mashiling'i a anthu adyera ngati ine. Mankhwala ake ndi osavuta mochititsa manyazi: poni wa pa e5 musiyeni, idyani kavalo wa pa d4 ndi kavalo wanu, kapena ingobisani mfumu pochita kasulo. Mukatero wakudayo ndiye amatsalira m'mbuyo, chifukwa wataya nthawi kuyendetsa kavalo mmodzi kawiri.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake ife a m'makalabu timagwa motere, ndipo mlandu ndaupeza pawiri. Ambirife tidakulira pa drafuti ya zitsekerero za mabotolo, kumene kudya ndi lamulo: mnzako akakupatsa, ufune usafune udya. Dzanja lidazolowera. Komanso taonani mawu amene timagwiritsa ntchito. Timati kudya. Kwathu kuno kukana chakudya ndi mwano, mlendo wokana nsima amakambidwa mpaka mudzi wachitatu. Ndiye mnzako akakuikira poni patsogolo, chikhalidwe chonse chimakukankha nkono. Chonsecho m'malamulo a chess mulibe mawu okakamiza munthu kudya, pokhapokha ngati palibenso kwina kololedwa kusuntha.

Chondipepesa n'chakuti apusi anzanga ndi anthu otchuka. Mu 1851 ku London, Adolf Anderssen wa ku Germany adasewera ndi Lionel Kieseritzky, mphunzitsi wa chess wa ku Paris. Sadali masewera a mpikisano, adali ongocheza, koma mpaka lero amatchedwa Immortal Game, kutanthauza kuti sadzafa. Kieseritzky tsiku limenelo adadya ngati wafika pa ukwati wa mwana wa mwini golosale. Adayamba ndi poni, kenaka bishopu, poni wina, ruku, ruku winanso, pomalizira kwini. Tikawerenga monga timawerengera, poni 1, bishopu kapena kavalo 3, ruku 5, kwini 9, m'thumba mwake mudali 24. Anderssen adali ndi maponi atatu basi. Pa kusuntha kwa nambala 23 bishopu wa Anderssen adatera pa e7, mothandizidwa ndi akavalo awiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mukaika masewerawa pabolodi, yang'anani mbali ya wakudayo pamapeto. Maruku ake onse awiri ali pamene adabadwira, pa a8 ndi pa h8. Bishopu wa pa c8 sadapondepo panja. Kwini yekha adayenda maulendo 8, ndipo pamene mfumu yake inkazingidwa iye adali pa a1, kutsidya lenileni la bolodi, akutafuna ruku.

Apa ndi pamene ndidamvetsa mwambi wa agogo, nditakalamba kale. Kale ndinkayesa kuti pusi adagwa chifukwa chodya. Ayi, pusi amadya tsiku ndi tsiku m'mitengo osagwa. Tsikulo adagwa chifukwa manja onse awiri adali pa zipatso, nthambi palibe adaigwira. Pabolodi nthambi ndi zinthu zotopetsa zija aphunzitsi amabwereza mpaka kukhosi kuuma: tulutsani akavalo ndi mabishopu, gwirani pakati, bisani mfumu. Poni wa ulere nthawi zambiri mtengo wake ndi kusuntha kuwiri kapena kutatu, kupita kukamudya ndi kubwerera. Mnzanu nthawi imeneyo sakupemphera, akutulutsa asilikali.

Ngakhale Bobby Fischer, amene ena kukalabu kwathu amamutchula ngati malume awo, adagwapo kawiri m'mwezi umodzi. Mu 1972 ku Reykjavik, polimbirana ukatswiri wa dziko lonse ndi Boris Spassky wa ku Soviet Union, masewera oyamba ankaoneka kuti athera ndendende. Pa kusuntha kwa nambala 29 Fischer adadya poni wa pa h2 ndi bishopu. Spassky adangokankha poni pa g3, chitseko n'kutsekeka, bishopu ali m'kati. Msampha umenewu mwana wa miyezi itatu pa chess amaudziwa. Fischer adaluza.

Kugwa kwachiwiri n'kumene kumandisangalatsa. M'kayambidwe ka masewera kotchedwa Sicilian ya Najdorf muli njira ina imene kwini wakuda amapita pa b6 n'kukadya poni wa pa b2. Dzina lake lenilenilo ndi Poisoned Pawn, poni wa poizoni. Tangoganizani, botolo adalemba kale kuti poizoni, chigaza ndi mafupa adajambulapo, koma anthu ophunzira amamwabe. Fischer adamwa kwa zaka zambiri osadwala. Pa masewera a nambala 11 a mpikisano womwewo Spassky adabweza kavalo kwawo pa b1, kusuntha kooneka ngati kwa munthu woiwala chikwama, ndipo kwini wa Fischer adasowa njira yotulukira mpaka adagwidwa.

Koma ndisanamize anthu kuti kudya kulikonse ndi tchimo. Fischer yemweyo adapambana mpikisanowo 12½ kwa 8½, ndipo poni wa poizoni uja akatswiri akumudyabe mpaka lero, chifukwa adawerengeratu njira yobwerera, ena mothandizidwa ndi kompyuta. Kukalabu kwathu kuli mkulu wina amene adalumidwapo kamodzi, tsopano amaopa chilichonse. Mukasiya kwini poyera mwangozi, iwo amakhala mphindi 15 akupukusa mutu, kenaka n'kukankha poni wa m'mphepete, ati sanganamizidwe. Amenewonso amaluza, kungoti amaluza ndi njala. Chaulere chenicheni chimapezeka, makamaka pa msinkhu wathuwu pamene anthu amasiya zinthu chifukwa choyang'ana foni. Kusiyana kwake n'kungoyamba mwafunsa: ndikadya, iye achita chiyani? Ali ndi cheki? Ndibwerera bwanji? Mfumu yanga yatsala ndi ndani?

Chodabwitsa n'chakuti kunja kwa bolodi mafunso omwewa timawaiwalanso. Mwezi watha foni yanga idalira, uthenga uti ndapambana ndalama zambiri pa mpikisano umene sindidalowe nawo, ndingotumiza kaye kangachepe ka "kutsegulira". Chala chidayamba kale kuyabwa. Mayi a kunyumba, amene chess amaitcha "tizidole tanu tija", adangosuzumira n'kunena kuti, "Bambo, kavalo wa mwana uja wabweranso." Nkhani ya Loweruka lija idawafika ndisadafike pakhomo, ndipo sindikudziwabe adawauza ndani. Katapila naye amasewera chimodzimodzi, amakupatsa poni lero, kutha kwa mwezi kwini wake ali pa g2, firiji ikutuluka pakhomo. Za mbale zimene timasenza pa maukwati, mpunga pansi, nkhuku pamwamba, chambo chopingasa, keke m'thumba la jekete, ndisanene zambiri poti enanu tidaonana kumeneko.

Ndidabwerera kukalabu patatha milungu iwiri, nditaloweza mankhwala a msampha uja. Kamnyamata kaja kadalipo, ulendo uno kadatenga zoyera. Kadatulutsa kavalo pa f3, bishopu pa c4, kavalo wina pa c3, ine nditamanga kavalo wa pa f3 ndi bishopu wanga pa g4 kuti asasunthe. Ndidakankha poni pa g6, ndipo kavalo womangidwayo adasunthabe, n'kudya e5, kwini n'kutsala poyera pa d1. Kwini wathunthu, wa 9. Ndidakumbukira agogo, ndidakumbukira Kieseritzky, ndidakumbukira mayi a kunyumba. Ndidadya.

Bishopu pa f7 cheki, mfumu pa e7, kavalo pa d5. Umenewu akuti ndi msampha wa Légal, wa ku Paris, wa m'zaka za m'ma 1700. Aliyense wodziwa kumene mwanayu amawatenga andiuze Loweruka lisadafike.