Kope la Ndalama, Tsamba la Hanimuni

Tsamba la Zanzibar ndalidula mzere. Malawi ndi Tanzania sitifunsana viza, koma mapasipoti awiri ngofunika, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2024 mlendo aliyense wolowa pachilumbacho amagula inshulansi ya madola 44. Anthu awiri ndi madola 88 tisanamwe ndi madzi omwe. Kwacha chigwere ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinthu cha madola sindichiyamba. Tikupita ku Likoma.

Zolowa. Chipereganyu changa cha kuntchito, K600,000. Anzanga amene ndikukwatirana nawowa akhala akuika pambali K70,000 pamwezi kwa miyezi 8, K560,000. Soya wa kumunda wa ku Mchinji, K340,000. Zonse pamodzi, K1,500,000.

Zotuluka.

Basi ya ku Mzuzu ndi minibasi yotsetsereka ku Nkhata Bay, anthu awiri, kupita ndi kubwera: K220,000.

Sitima ya Ilala: ndapatula K260,000. Popita tigona m'kachipinda, pobwera tidzakhala pamwamba ndi zofunda zathu. Ndege ya ku Likoma iliko, koma ine ndikufuna Ilala. Yayenda panyanjayi kuyambira mu 1951, agogo anaikwera, ndipo ndimafunitsitsa kuti tidzaone limodzi milambe ya pachilumbacho ikutulukira patali. Imadutsa kamodzi pa sabata kulowera kummwera, kamodzi kulowera kumpoto, choncho masiku athu yatiwerengera ndi sitimayo. Mwezi tasankha Okutobala, mwera utaleka. Anzangawa amachita chizungulire ngakhale pabwato laling'ono.

Chipinda choyang'ana kunyanja, masiku anayi: K560,000. Apa tinakambirana nthawi yaitali. Malo ena pachilumbapo amatchula mtengo m'madola, ndipo tsiku limodzi lokha likhoza kumeza tsamba lonseli. Anzangawa ankati titenge chotsika mtengo kumsika, ndalama yotsalayo tigulire mbale ndi mapoto. Ndinakana. Takhala zaka zitatu tikuonana pakhonde pa amalume, ana akudutsadutsa. Ndikufuna chitseko chathu chotseka, neti yopanda zibowo, ndi mchenga pakhomo. Theka ndalipira kale, uthenga wa pafoni ndaukopera kumapeto kwa kopeli.

Chakudya: K180,000. Cham'mawa chili m'mtengo wa chipinda. Masana kondowole ndi usipa kumsika, madzulo awiri okha chambo kapena kampango pamalo pomwe tikugonapo.

Mankhwala: K30,000. Odzola othamangitsa udzudzu, a mutu, ndi a likodzo odzamwa tikabwerako monga atiuzire kuchipatala, popeza kusamba m'nyanja sitilephera.

Tchalitchi cha St Peter's ndi bwato: K40,000. Tchalitchicho anayamba kuchimanga mu 1903, ndipo ngakhale ndife a CCAP tikagwadamo ndi kusiya chopereka. Yotsalayo ndi ya mwini bwato wotizungulitsa m'mbali mwa chilumba. Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi koma zazingidwa ndi madzi a Mozambique. Mapiri a ku Cobue tikangowaonera kutsidya, kuwoloka ayi.

Nsomba zouma za ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi za apongozi: K60,000. Iyi sichotsedwa. Anthuwa ayenda maulendo ambiri chifukwa cha ife, ena pa kabaza, osatipempha kanthu.

Zapakhomo ife kulibe: K50,000. Mayunitsi a magetsi, ufa, ndiwo, ndi kangachepe ka alamu amene adzagone m'nyumbamo.

Yapadera: K100,000, m'envulopu yakeyake. Sitima ikachedwa tsiku limodzi kapena awiri, chogona ndi chakudya zichokera umu. Ikapanda kugwiritsidwa ntchito ibwerera kubanki mkhonde.

Zotuluka zonse, K1,500,000. Ngongole, palibe. Mnzanga wina anandilozera wa katapila kuti tionjezereko masiku, ndinamuthokoza n'kukana, chifukwa ndinaona achemwali anga akubweza ngongole ya ukwati mwana woyamba akukwawa kale.

Za perekaniperekani sindinazilembe patsamba lino. Amayi anati, “Mwananga, usawerengere mbale isanadutse.” Zimene zidzagwe pa tsiku la ukwati wathu zili ndi tsamba lake kutsogoloku: lendi ya miyezi itatu, matiresi, ndi mbaula.