Mtsinje Waiwala Kanthu

Mphunzitsi wina wa sayansi anatenga ana a Fomu 2 kupita nawo kumtsinje kukayeza liwiro la madzi. Njira yake njosavuta: ponya chitsononkho, werenga masekondi, ona mtunda umene chayenda. Mtsikana wina anaponya chake pakati, chinangoti fyuu, osaonekanso. Mnyamata wina, poopa kunyowetsa nsapato, anaponya m'mphepete, kuseri kwa chimwala. Chinazungulira, chinazunguliranso, kenako n'kuyamba kukwera chakumtunda.

"Aphunzitsi," anafuula, "mtsinje waiwala kanthu, ukubwerera!"

Mwanayo sananame. Madzi akagunda mwala amapatukana, kuseri kwake n'kumazungulira, ena n'kumabwereradi. Pakati pa mtsinje amathamanga, koma m'mphepete ndi pansi amachedwa poti akukhulana ndi mchenga, miyala ndi bango. Vuto n'loti pepala la aphunzitsi linali ndi malo a yankho limodzi lokha. Anamulembera ndi inki yofiira: "Nawenso bwerera."

*

Mu 1883 ku Manchester, Osborne Reynolds anathira utoto m'madzi oyenda mumpope wagalasi. Madzi akamayenda pang'onopang'ono, utotowo unkapita mowongoka ngati ulusi. Atawonjezera liwiro, unabalalika paliponse. Mdzukulu wina wa ku yunivesite anafotokozera izi agogo ake ku Chikwawa.

"Agogo, munthu ameneyu anatchuka dziko lonse."

"Chifukwa choona kuti madzi othamanga amavunduka?"

"Eya, agogo."

"Anamulipira?"

"Anali pulofesa."

Agogo anapukusa mutu. "Ha! Ine zaka zonsezi ndakhala ndikungoonera ulele padoko."

*

Mwa akatswiri a za madzi, amene ndimamukonda ine ndi Robert Manning wa ku Ireland. Anayamba ngati wowerengera ndalama, uinjiniya anaupeza pambuyo, ndipo mu 1889 anabweretsa njira yowerengera liwiro la madzi imene mainjiniya akugwiritsabe ntchito. Mumaona kuzama, mumaona kutsetsereka kwa malo, kenako mumaikapo kanambala kotchedwa n, kosonyeza mmene pansi ndi m'mbali mukukanizira madzi. Ngalande ya simenti imapatsidwa pafupifupi 0.013. Mtsinje wowongoka, wopanda zinyalala, 0.030. Wodzaza udzu ndi zitsamba utha kufika 0.100. Kanambalako kakakula, madzi amachedwa, amatukumuka, n'kulowa m'munda wa munthu.

Injiniya wina wachinyamata anakwera bwato ndi kompyuta yake pamiyendo. Mkulu wopalasa anamufunsa, "Bwana, kanambala kanuko mumayeza ndi chida chanji?"

"Nthawi zambiri timayang'ana mtsinje, n'kufanizira ndi zithunzi za m'buku."

"Ndiye kuti ndi maso?"

"Tingotero, madala."

"Basi ntchito yathu ndi imodzi. Tasiyana malipiro okha."

*

David Livingstone ankafuna mtsinje woti sitima zizilowera mkati mwa Africa. Mu 1858 Zambezi inamukaniza pa Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Mu 1859 anakhotera mu Shire ndi kasitima kake, Ma Robert, kodya nkhuni mosakhuta, kopuma movutikira mpaka eni ake anakatcha dzina la wodwala mphumu. Kanakwera, kanakwera, mpaka mathithi a Kapichira anati apa ndi polekezera. Mathithi a chigawo chonsecho anawatcha Murchison, dzina la mnzake womuthandiza wa ku London. Kwathu kuno mnzako ukamukonda umamutchulira mwana. Kumutchulira chinthu chimene chakutsekera njira, pamenepo abale amayamba kufunsana kuti kodi awiriwa anayambana liti.

Mathithi omwewo ndi amene lero akutipatsa magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, poti m'chigawo chimenechi Shire amatsika mamita oposa 300. Koma namasupuni ndi zinyalala zikaunjikana pamasefa, madzi salowa bwino m'makina. Bambo ena akuonera mpira, mphindi yomaliza, penate, magetsi thi! Mayi ali kukhitchini anafunsa, "Wagoletsa ndani?"

"Namasupuni."

*

Injiniya wachinyamata uja, atafika pamalo odekha kumunsi kwa Liwonde, anavula nsapato n'kupinda buluku.

"Mukupita kuti, bwana?"

"Ndikayeze chapansi. Buku likuti kumeneko madzi amayenda pang'onopang'ono kwambiri."

Mkulu wopalasa uja anayang'ana m'bangomo, n'kuloza ndi nkhafi maso awiri amene anali atangotuluka pamwamba pa madzi.

"Buku lanulo likunena zoona, madzi amachedwadi pansipo. Koma lafotokozapo za liwiro la mwini malo?"