Ukaipa Dziwa Nyimbo, Ngakhale ku Hollywood

Makolo anati ukaipa dziwa nyimbo. Ankanena za munthu amene nkhope sinam'komere, koma a ku Hollywood mwambiwu anafika nawo patali: nyimboyo anakaimbira kambuku.

Mufilimu ya Bringing Up Baby ya mu 1938, yomwe anaitsogolera Howard Hawks, Katharine Hepburn ndi Susan, mwana wa kubanja la mpondamatiki, wosamva zonena munthu. Mchimwene wake wamutumizira kambuku woweta kuchokera ku Brazil (kumene akambuku amtunduwo kulibe n'komwe, koma izo tizisiye). Kambukuyo, dzina lake Baby, amafatsa akamuimbira kanyimbo kena kachikondi. Cary Grant ndi David, katswiri wa mafupa a zinyama zamakedzana, amene watha zaka 4 akulumikiza mafupa a brontosaurus. Kwatsala fupa limodzi, ndipo galu wotchedwa George wakalikwirira. Ndiye taonani munthu wophunzira, pakati pa usiku ku Connecticut, ali kukamwa yasa kuimbira chilombo chimene chakwera padenga la eni ake, galu naye akupolokoza.

Filimuyi sinapindule. Chaka chomwecho eni nyumba zoonetsera mafilimu anaika Hepburn pamndandanda wa akatswiri omwe ankati ndi poizoni pamalonda. Kuipa kuposa pamenepa kuliponso?

Ikanakhala lero, mayiyu akanachezera pa Facebook kuyankha aliyense womunyoza, m'mawa n'kuika sitetasi pa WhatsApp yoti adani achita manyazi chaka chino. Ife masiku ano tikaipa timadziwa mabandulo a intaneti basi. Wina mpaka amalemba kuti akuchoka pagulupu, kenako n'kumadikira kuti amunyengerere.

Koma Hepburn analipira kampani ya mafilimu ya RKO kuti kontirakiti yake ithe, n'kubwerera kusiteji. Mu 1939 anasewera The Philadelphia Story ku Broadway, sewero limene Philip Barry analemba ali ndi iyeyo m'maganizo. Mothandizidwa ndi mpondamatiki Howard Hughes anatenga umwini wolisandutsa filimu, nakagulitsa kwa kampani ina ya MGM ndi lamulo loti mtsikana wamkulu mufilimumo akhale iye mwini. Inatuluka mu 1940, muli Cary Grant ndi James Stewart, ndipo anthu anakhamukira kukaonera poizoni uja.

Bringing Up Baby nayo inadzalowa m'kaundula wa mafilimu osungidwa ndi dziko la America mu 1990. Hepburn anamwalira mu 2003 ali ndi zaka 96, atapata ma Oscar 4 a kasewero kabwino, ndipo palibe wosewera mufilimu wina amene wafikapo pamenepo.